Ina ikubisala, zina zikulusa: ndewu m'thanki ya madzi amchere

Funso: Akonzi, ndili ndi thanki ya madzi amchere ya malita 200, momwe muli makorali ofewa ochepa (tizamoyo ta m'nyanja ya mchere tooneka ngati zomera). Ndinayamba ndi nsomba zitatu: damselfish ziwiri ndi clownfish imodzi. Sabata yatha ndinaonjezamo firefish, koma imangokhala kuphanga, sikudya, ndipo zipsepse zake zang'ambika. Mnzanga woweta mbuna akuti ndiunjikemo nsomba zambiri kuti ndewu ithe. Ndimumvere? Bambo a ku Chelstone, Lusaka.

Yankho: Bambo, pa izi zokha musamumvere. Njirayo imathandizadi pa mbuna za m'nyanja ya Malawi, chifukwa zikachuluka, yolusa imasowa imodzi yoti iziilimbana nayo. Koma madzi amchere amasunga mpweya wochepa poyerekeza ndi madzi opanda mchere, ndipo makorali sapirira zonyansa za nsomba zambiri: nitrate, yomwe imachokera ku zonyansazo, ikachuluka m'madzi, ndere zimakuta miyala, makorali n'kuyamba kufota. Komanso magetsi akazima kwa maola angapo, thanki yothithikana ndiyo imayamba kutaya nsomba.

Vuto lanu lagona pa amene analowa poyamba. Kunyanja damselfish imakhala ndi kadera kake pamwala, ndipo imapirikitsa ngakhale nsomba zoiposa msinkhu. Zanuzo zinagawana kale thanki yonse. Firefish ndi yamantha mwachibadwa, imayandama pafupi ndi una wake n'kulowamo ikangodzidzimuka. Kubisala masiku awiri kapena atatu n'kwachizolowezi. Koma sabata yathunthu osadya, zipsepse zili zong'ambika, ndiye kuti ikumenyedwa.

Chotsani zolusazo, firefish muisiye. Ikani damselfish m'thanki ina kwa sabata imodzi kapena ziwiri, ndipo pa nthawiyo sinthani kaikidwe ka miyala. Pangani milu iwiri yotalikirana, kuti nsomba ya mbali ino isamaone ya mbali inayo nthawi zonse, ndipo phanga lililonse likhale ndi khomo kuwiri, poti la khomo limodzi ndi msampha kwa nsomba yothawa. Ambiri amachepetsa mapanga poganiza kuti nsomba yamantha iziwonekera. Zimachitika mosiyana: ikadziwa kuti pothawira pali pafupi, m'pamene imalimba mtima n'kutuluka.

Pobwezera damselfish, chitani madzulo nyali za thanki zitazima. Tinene mosabisa kuti m'malita 200 nthawi zambiri zimayambiranso khalidwe lawo, ndipo ife tingakonde mutazipereka kwa wina wa thanki yaikulu.

Pakali pano, damselfish zikadali momwemo, dyetsani pang'onopang'ono, kawiri kapena katatu patsiku, mbali zonse ziwiri nthawi imodzi, pampu mutaizimitsa kwa mphindi zochepa kuti chakudya chifike pakhomo pa phanga. Kalilole womata kunja kwa galasi amatangwanitsa yolusa kwa masiku angapo, ikulimbana ndi chithunzi chake. Vindikirani thankiyo ndi ukonde wa maso osaposa mamilimita 6, chifukwa firefish ikapanikizika imadumpha.

Yang'aniraninso timadontho toyera pathupi. Nsomba yovutitsidwa imagwidwa msanga ndi tizilombo ta Cryptocaryon, ndipo mankhwala okhala ndi kopa (mkuwa) ochizira matendawa amapha makorali, choncho chizirani m'thanki yapadera. Mchere ukhale pa 1.025 pa chipangizo choyezera mchere wa m'madzi, kutentha pa madigiri 25 kapena 26. Usiku wa mu Juni ndi Julayi kuno umazizira kwambiri, hita isasowe.

Mtsogolomu, zofatsa zizilowa poyamba, zolusa pomaliza, ndipo yatsopano iyambe yakhala masiku atatu mpaka asanu m'kabokosi koonekera kokhala ndi mabowo, kopachika m'kati mwa thanki, kuti zinzake ziizolowere zisanaifikire.

Funso: Ndinagula clownfish ziwiri zazikulu zofanana kuti zikhale banja, koma zikungolumana kukamwa. Chalakwika n'chiyani? Mayi a ku Kabwata.

Yankho: Mayi, zikuoneka kuti zonse ndi zazikazi. Clownfish imayamba ili yaimuna, ndipo yaikulu pagulu ndiyo imasanduka yaikazi. Ikasanduka sibwereranso, choncho ziwiri zotere sizingagonjerane. Zisiyanitseni lero lomwe. Imene mutsale nayo muipezere mnzake wa mtundu womwewo koma wamng'ono kwambiri. Mukaona wamng'onoyo akupendekeka n'kumanjenjemera pamaso pa yaikuluyo, musade nkhawa, ndi chizindikiro chakuti wagonja, ndipo kuthamangitsana kumachepa pakapita masiku.