Chidindo chofiira cha ku China si chokongoletsera pepala

Achemwali, mwati kampani ya ku Guangzhou yakutumizirani mgwirizano wodindidwa chidindo chofiira koma palibe pomwe munthu wasayina, ndiye mukuopa kuti akufuna kukuponderani. Mtima m'malo kaye. Kwa anzathuwa chidindo chimalemera kuposa siginecha, ndipo sizinayambe dzulo.

Mapepala asanabwere, makalata a boma ku China ankalembedwa patimizere ta nsungwi. Ankawamanga ndi chingwe, pamfundopo n'kumatapo dongo, kenako n'kudinda lisanaume. Wolandira akapeza dongolo litasweka ankadziwiratu kuti wina wasuzumira m'njira. Mfumu Qin Shi Huang itagwirizanitsa dzikolo m'chaka cha 221 BC, inasemetsa chidindo chake pamwala wamtengo wapatali wa jade, chokhala ndi zilembo zisanu ndi zitatu zonena kuti ufumuwo wachokera kumwamba. Mafumu obwera pambuyo pake ankachilimbirana, poti wochigwira ndiye ankaoneka mwini mpando, mpaka chinasowa osapezekanso. Mu ulamuliro wotsatira, wotchedwa Han, wogwira ntchito m'boma ankapatsidwa chidindo cha golide, siliva kapena mkuwa malinga ndi udindo wake, n'kumayenda nacho m'chiuno. Tsiku lomuchotsa ntchito ankachibweza. M'chaka cha 57 AD mfumu Guangwu inapatsa mfumu ina ya ku Japan chidindo cha golide, ndipo chinadzafukulidwa m'munda pachilumba cha Shikanoshima mu 1784, patapita zaka zoposa 1,700.

Koma ine chimene chinandigwira mtima ndi kasemedwe ka zidindozi. Ndinaimapo pambali pa bambo wina wachikulire akusema kamwala kochepa ngati chala chachikulu. Anayamba walemba zilembo chozondotsa, monga zimaonekera pagalasi, kenako n'kumakankha kampeni pang'onopang'ono, akuuzira fumbi ndi pakamwa. Mpeni ukaterereka kamodzi, basi, apale mwalawo ayambirenso. Akakumba zilembozo, pepala limatuluka lofiira zilembo zoyera. Akakumba m'mbali mwake n'kusiya zilembo, ndiye zilembozo zimatuluka zofiira. Utoto wakenso si inki ya pa padi ya mu ofesi ayi. Ndi phala lolimba la mwala wofiira wa cinnabar, mafuta a nsatsi ndi ulusi wa chomera cha mugwort, ndipo silifwifwa ngakhale papite zaka mazana.

Poyamba imeneyi inali ntchito ya amisiri osula zitsulo. Wen Peng, katswiri wosema zidindo wa m'zaka za m'ma 1500, ndiye amatchulidwa kuti anatchukitsa miyala yofewa, moti ophunzira ndi ojambula anayamba kudzisemera okha. Miyala ya ku Shoushan m'chigawo cha Fujian ndi ya ku Qingtian ku Zhejiang ndiyo imasakidwa mpaka lero. Mukaona chithunzi chakale cha ku China chili ndi timabokosi tofiira mbwee m'mbali, ndi zidindo za wojambula komanso za onse amene anachisungapo. Mfumu Qianlong inkadinda mopitiriza muyeso, ndipo kunena zoona zithunzi zina inaziphimba kukongola. Ku Hangzhou kuli bungwe la osema la Xiling, lomwe linayamba mu 1904, ndipo mu 2009 UNESCO inaika lusoli pamndandanda wa chikhalidwe choyenera kusungidwa. Ngakhale chizindikiro cha masewera a Olimpiki a ku Beijing mu 2008 chinali chidindo chofiira.

Tsono tibwerere ku pepala lanu. Malamulo a ku China amavomereza mgwirizano wodindidwa chidindo cha kampani ngakhale popanda wosayina, n'chifukwa chake amachisunga mosamala kwambiri. Chidindo chenichenicho nthawi zambiri chimakhala chozungulira, chofiira, nyenyezi pakati, dzina la kampani lili m'Chitchaina, ndipo chimalembetsedwa kupolisi. Chenjerani ndi chija chowulungika ngati dzira cholembedwa m'Chingerezi chokha, chomwe ogulitsa ambiri amadinda pa invoyisi. Chimenecho pachokha musachidalire. Musanatumize ndalama, apempheni chithunzi cha laisensi yawo ya bizinesi, muyerekeze dzina la pachidindo, la palaisensi ndi la akaunti yakubanki, chilembo ndi chilembo. Ngati Chitchaina chikukuvutani, pezani wochidziwa akuwerengereni. Mayina atatuwa akasiyana, ndalama yanu isachoke m'manja.