Tifunseni: Tinkhanu ta m'matope a pansi pa nyanja, tingatisiyanitse bwanji?

FUNSO: Moni akonzi. Ine ndikuphunzira za zamoyo zam'madzi, ndiye atipatsa mabotolo a matope otapidwa pansi pa nyanja ya mchere kuti tisefe ndikupeza maina a tizilombo tili momwemo. Nyongolotsi ndi nkhono sizikundivuta, koma pali tina ta mtundu wa nkhanu tating'onoting'ono, tonse kwa ine tikungofanana, toyera, topindika, miyendo mbwee. Ndiyambire pati? Wophunzira wothedwa nzeru

YANKHO: Pepani achimwene, koma musathamangire dzina lenileni la kachilomboko, apo ndi pomwe ambiri amagwera mphwayi. Yambani mwapeza gulu lake, ndipo gululo limadziwika ndi kaumbidwe ka thupi basi.

Koma ntchito imayambira pa sefa. Ambiri amagwiritsa ntchito ya mabowo a 0.5 mm kapena 1 mm, ndipo posefa osapopera madzi mwamphamvu ayi, muziivika sefayo m'beseni ndikumaigwedeza pang'onopang'ono, chifukwa tinyanga ndi timiyendo take timathothoka msanga, ndipo kachilombo kopanda tinyanga kadzakuzunzani kutsogoloku. Mukathira utoto wa Rose Bengal tonse tomwe tinali tamoyo timasanduka tapinki ndiye timaoneka bwino pakati pa zinyalala. Sungani mu ethanol wa 70%.

Kenako tengani kachilombo kamodzi, kaikeni m'kambale pansi pa maikulosikopu, kagoneke cham'mbali. Ngati thupi lake ndi lophwatalala ngati lapanidwa kumanzere ndi kumanja, msana wopindika, miyendo mapeya 7 koma yosiyana, mapeya awiri akutsogolo ogwirira ena oyendera, ameneyo ndi amphipod, ndipo m'matope ambiri awa ndi omwe mukumane nawo kwambiri. Kakakhala kophwatalala kuchokera pamwamba, miyendo yonse yofanana, ndi isopod. Kakakhala ndi chimutu chachikulu chokutidwa ndi chigoba kenako kamchira kowonda kothera mphanda, kooneka ngati mbululu, ndi cumacean, awa mukangomuona mmodzi simudzawaiwalanso. Tanaid ndi wautali wowongoka, ali ndi zopanira ziwiri kutsogolo ndipo chigoba chake chimangophimba mutu ndi zigawo ziwiri zoyamba za chifuwa. Ostracod ambiri amamuponya ku gulu la nkhono chifukwa ali ndi zigoba ziwiri, koma yang'anitsitsani pampata muona timiyendo tikusuzumira. Ma copepod a m'matope ambiri safika olo 1 mm, amadutsa pa sefa yanuyo, kuwafuna ndiye pakufunika ya 0.063 mm.

Chenjerani ndi Corophium volutator. Ndi amphipod ndithu koma sanapanidwe m'mbali ngati anzake, thupi lake ndi lobulungira lophwatalala pang'ono pamwamba, ndiye ophunzira amamulemba kuti isopod. Chomuulula ndi nyanga zachiwiri (amphipod ali ndi mapeya awiri a nyanga), zonenepa, zazitali, makamaka mwa wamwamuna zimaoneka ngati miyendo. Amakula mpaka pafupifupi sentimita imodzi, amakumba una wooneka ngati chilembo cha U, ndipo ku Bay of Fundy ku Canada amapezeka masauzande ambirimbiri pa sikweya mita imodzi, mbalame zosamuka zimaima pamenepo kunenepa kaye ndi iyeyu zisanaulukire ku South America.

Mukadziwa gulu ndiye tsopano ntchito ya singano. Kwa amphipod onani ngati nyanga yoyamba ili ndi kanthambi kakang'ono pambali, onani maonekedwe a miyendo yogwirira ija, kenako tembenuzani kumbuyo muone kachidutswa komaliza kotchedwa telson ngati ndi kathunthu kapena kong'ambika pakati. Pena mumayenera kuchotsa kamwendo kamodzi ndi singano, kuika pagalasi ndi kadontho ka glycerine, ndikuwerenga minga yake umodziumodzi. Zimatopetsa maso zoona, koma mitundu iwiri imatha kusiyana pa kamunga kamodzi kokha. Sankhani kachilombo kakakulu kathunthu, tiana tisiyeni kaye. Amphipod, isopod, tanaid ndi cumacean aakazi amanyamula mazira m'kathumba pansi pa chifuwa ndipo ana amatuluka akufanana kale ndi makolo, kungoti zizindikiro zina sizinakhwime, ndiye mabuku ambiri akakufotokozerani za wamkulu inu muli ndi mwana mungozungulira. Komanso wamwamuna ndi wamkazi amatha kusiyana kwambiri mpaka kuwalemba ngati mitundu iwiri.

Buku lozindikirira likhale la dera lomwe matopewo achokera. Zojambula za Georg Ossian Sars wa ku Norway, yemwe anamwalira mu 1927, mpaka lero akatswiri amazitsegulabe chifukwa ndi zolongosoka kwabasi, koma ndi za nyanja za kumpoto kwa Ulaya, mukazikakamiza pa matope a Indian Ocean mupereka dzina labodza. Maina amasinthanso, ndiye mukapeza dzina kalitsimikizeni pa intaneti pa WoRMS, kaundula wa zamoyo za m'nyanja yemwe amasungidwa ku Ostend ku Belgium. Ndipo mukakanika pa gulu kapena pa banja, lembani dzina lomwe mwafikapolo kenako sp., kutanthauza kuti mtundu weniweni simunaudziwe, kameneko kasungeni m'kabotolo kakekake ndi kapepala kolembedwa ndi pensulo, inki imasungunuka mu ethanol. Ine ndimalemekeza kwambiri wophunzira wolemba Ampelisca sp. (Ampelisca ndi gulu lina la ma amphipod) kuposa wolota dzina lonse.

FUNSO: Nanga poti kunabwera zoyeza DNA, kuvutika konseku ndi kwa chiyani? Mayi wowerenga

YANKHO: DNA imathandiza ndithu mayi, makamaka kuyambira 2003 pomwe Paul Hebert ndi anzake ku Guelph ku Canada anayambitsa njira yozindikira nyama ndi kachidutswa ka jini yotchedwa COI, ndipo yaulula kuti tina tomwe tinkatchedwa mtundu umodzi ndi mitundu ingapo. Koma makina amangofananitsa ndi zomwe munthu wina anazizindikira kale ndi maso ndikuziika m'kaundula, tizilombo tambiri ta m'matope akuya sitinalembedwe n'komwe. Ngati mukufuna kudzayeza DNA musaike tizilomboto m'mankhwala osungira otchedwa formalin, amaiwononga, ikani mu ethanol wa 95% kapena kuposa.

Dzina lenileni limafunika chifukwa mitundu siipirira mofanana. Sitima ya Amoco Cadiz itatayira mafuta kugombe la Brittany ku France mu 1978, ma Ampelisca a ku Bay of Morlaix anatsala pang'ono kutheratu pomwe nyongolotsi zina zinapirira, ndipo panatenga zaka zoposa 10 kuti abwerere mwakale. Amachedwa choncho chifukwa alibe tiana toyandama totengedwa ndi madzi kuchokera kutali. Zinadziwika chifukwa panali anthu omwe ankasefa matope a pamalopo ndikulemba mtundu uliwonse ngoziyo isanachitike.