Nsima musaisiye, Mayi: zimene zimatsitsa thupi osabwereranso

Yafika kalata pa imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Area 25. Taidula, koma mfundo yake ndi iyi: "Ndili ndi zaka 38 ndi ana atatu, ndimagwira ntchito ya mu ofesi ku City Centre. Kutalika kwanga ndi mita 1.60, sikelo ikuti makilo 88. Chaka chatha ndinasiya nsima miyezi iwiri n'kumamwa tiyi wochepetsa thupi, ndinatsika makilo 6. Pano onse anabwerera, kuonjezerapo awiri. Nditani kuti ndikatsika ndisakwerenso?"

Mayi, tiyambe ndi makilo 6 aja. Ena mwa iwo sanali mafuta ayi, anali madzi. Munthu akasiya zakudya zokhutitsa, thupi limayamba kudya shuga amene linasunga m'chiwindi ndi m'minofu, ndipo galamu iliyonse ya shuga ameneyu imasungidwa pamodzi ndi magalamu atatu a madzi. Shugayo akatha, madzi amatuluka, sikelo n'kutsika msanga sabata yoyamba. Tiyi uja nayenso: ambiri mwa matiyi amenewa amakhala ndi mankhwala otsegula m'mimba, moti chimene chimachoka ndi madzi ndi chimbudzi, mafuta ali pomwepo. Mutabwerera ku nsima madzi anabwerera. Komanso thupi likaonda limaonjezera njala n'kuchepetsa mphamvu zimene limatentha, ndipo zimenezi zimatha kupitirira chaka. N'chifukwa chake njira imene simungaikwanitse moyo wanu wonse ndi yongotaya nthawi. Ndani pano pa Lilongwe angakhale zaka khumi osagwira nsima, pamaliro, paukwati, kwa apongozi?

Masamu ake ndi awa. Kilo imodzi ya mafuta a m'thupi ili ndi makalori (muyeso wa mphamvu imene chakudya chimapereka) pafupifupi 7,700. Mukamadya mopereweza ndi makalori 500 patsiku, mumatsika pafupifupi theka la kilo pa sabata. Musalote za makilo 60 pakadali pano. Kutsika ndi 5 mpaka 10 peresenti, kwa inu makilo 4 ndi theka mpaka 9, kumathandiza kale pa BP ndi shuga. Dzipatseni miyezi isanu ndi umodzi.

Makalori 500 amenewa ambiri sali m'mbale ya nsima. Ali m'kapu ndi m'poto wa ndiwo.

Supuni yaing'ono ya shuga ndi magalamu 4, makalori 16. Masupuni atatu m'kapu ya m'mawa, atatu ena m'kapu ya ku ofesi, akwana makalori 100, ndipo apa tikunena supuni yosasefukira, osati ya phiri ija. Musadule tsiku limodzi, tiyi adzakunyansani. Chotsani theka la supuni sabata iliyonse, lilime limazolowera. Botolo la Coca-Cola la mamililita 300 lili ndi masupuni pafupifupi 8 a shuga, makalori 130, pamene bungwe la World Health Organization limati shuga wothira asapitirire masupuni 12 patsiku, ndipo 6 ndiye bwino kwambiri. Sobo, maheu, juwisi wa m'bokosi ndi thobwa lothira shuga zili m'gulu lomweli. Zakumwa sizikhutitsa, n'chifukwa chake ndi zoyamba kuchotsa: simudzamva njala chifukwa chosiya Fanta.

Mafuta ophikira ndiye mwini nkhani. Supuni yaikulu imodzi ndi makalori 120. Taonani botolo lanu la malita awiri. Ngati limatha pa masabata awiri pa banja la anthu asanu, aliyense akumwa masupuni aakulu awiri patsiku. Botolo lomwelo litafika mwezi, mwachotsa makalori 120 patsiku popanda kuchepetsa chakudya. Vuto ndi kuthira molunjika kuchokera m'botolo mpaka anyezi ayandame. Ikani supuni pambali pa mbaula, ndipo amene amaphika inu muli kuntchito mumuuze muyeso: masupuni awiri pa poto wa nyemba wa banja lonse, imodzi pa masamba. Nkhuku ya chizungu ili ndi mafuta ake, chotsani chikopa muiphike ndi tomato. Nsinjiro ndi zabwino, koma nazo ndi mafuta. Mukatendera nkhwani musathirenso ophikira.

Shuga, chakumwa ndi mafuta zatipatsa kale makalori 350. Otsalawo achokere ku nsima, koma pochepetsa, osati kusiya. Ngati mumadya mitanda itatu, idyani iwiri. Pakatha mwezi yesani umodzi ndi theka madzulo. Malo a mtanda wochokawo alowe masamba: bonongwe, mpiru, chisoso, kholowa, therere, mpaka adzaze theka la mbale. Yambani kudya masambawo musanateme nsima. Pa chakudya chilichonse pakhale chomanga thupi, kaya nyemba, nandolo, usipa, mazira kapena soya, chifukwa ndi chimene chimaletsa njala kubwera msanga komanso chimateteza minofu pamene mukutsika. Za mgaiwa tinenepo chilungamo: uli ndi gaga, umakhalitsa m'mimba, ndipo ndi wabwino kuposa ufa woyera, koma makalori ake ndi ofanana, pafupifupi 360 pa magalamu 100 a ufa. Mitanda inayi ya mgaiwa imanenepetsa ndithu. Mpunga, kondowole ndi buledi sizothawirako.

Chimene chimagwetsa anthu a mu ofesi ndi nkhomaliro. Munthu wachoka pakhomo 6 koloko osadya, poti akuchepetsa thupi, ikamakwana 10 mandasi awiri alowa, masana chipisi cha pachiwaya ndi chakumwa chozizira. Idyani m'mawa phala la mgaiwa kapena mbatata yophika ndi dzira. Pakulani ndiwo za nkhomaliro usiku musanayambe kudya, muike m'kontena. M'chikwama mukhale nthochi, gwafa kapena bwemba wa nyengo yake, chipatso chodya chathunthu osati chofinya.

Tsopano kuyenda. Munthu wa thupi ngati lanu akayenda ndawala mphindi 30 amatentha makalori pafupifupi 150, amene botolo limodzi la Coca-Cola lija limabweza pafupifupi onse pa mphindi ziwiri. Choncho kuyenda pakokha sikutsitsa kwambiri, koma ndi kumene kumagwira makilo otsikawo kuti asabwerere. Muyeso wake ndi mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, liwiro loti mutha kulankhula koma osatha kuimba. Simufunika jimu. Tsikani minibasi siteji imodzi kapena ziwiri musanafike, ndipo kabaza wa kuchoka pa siteji kukafika kunyumba mumusiye pokhapokha kwada. Mwezi wa Okutobala yendani m'mamawa dzuwa lisanaswe mtengo. Kawiri pa sabata limbitsani minofu: kukhala pa mpando n'kuimirira osagwira, ka 12, maulendo atatu, kukankha khoma ndi manja, kunyamula zigubu za madzi za malita asanu. Lamba womanga pamimba ndi wongotulutsa thukuta, ndalama zanu zisapite kumeneko.

Gonani maola osachepera 7. Tulo tikachepa njala imakula, makamaka ya zotsekemera.

Sikelo kwerani kamodzi pa sabata, m'mawa musanadye, sikelo yomweyomweyo. Masiku oyandikira kusamba imatha kukwera ndi kilo imodzi kapena iwiri, ndi madzi chabe. Tengani tepi ya telala muyeze mimba pamwamba pang'ono pa mchombo kamodzi pa mwezi. Cholinga chakutali n'choti isapitirire theka la kutalika kwanu, masentimita 80. Mukadzafika pamene mukufuna, ikani malire: makilo awiri akangobwerera, muyang'ane botolo la mafuta ndi mitanda sabata yomweyo, osadikira asanu ndi atatu.

Musanayambe, kayezetseni BP ndi shuga kuchipatala chapafupi. Jakisoni wolera wa miyezi itatu ndi ma ARV ena amatha kukweza thupi. Ngati muli pa mankhwala otere musasiye nokha, kambiranani ndi adokotala.

Konzekeraninso pakamwa pa anthu. Kwathu kuno mayi akatsika thupi, kutchalitchi ndi kumudzi amayamba kunong'onezana kuti kaya akudwala, kaya bambo sakumusamala. Uzani bambo a kunyumba ndi achemwali anu zimene mukuchita musanayambe, kuti mukadzabweza mtanda wachitatu kwa apongozi pakhale wokuyankhirani.