Ya MG ija siidziwa njira yakwanu

Mdzukulu wanga wina wangoyamba kumene ntchito ku Capital Hill pa grade I, nde wandifunsa kuti agogo poti munagwirako m'boma, ma PS (ma Principal Secretary, akuluakulu oyendetsa maunduna) ndi ma Director amalandira chani kwenikweni, za galimoto, mafuta ndi ma alawansi akunja zija nzoona?

Nzoona mwana wanga, zilipo ndithu. Ukafika pa u PS, grade C imeneyo, galimoto ya MG, ya nambala ya boma ija, umakhala nayo ndi dalaivala wake, mafuta a mwezi ndi mwezi, ukakwera ndege alawansi yake siyocheza. Zonsezo nzolembedwa, ukapemphe a HR akuonetse MPSR, buku la malamulo a ogwira ntchito m'boma, ndi ma circular awo, ine maso anatha. Kungoti chobwera ndi circular chimapitanso ndi circular, unaona wekha mu November 2023 kwacha itagwa ndi 44%, a Chakwera anadula pakati mafuta a nduna ndi akuluakulu a boma, maulendo akunja nkuyimitsa, anthu nkungoti kukamwa yasaa.

Koma ine ndimadikira kuti undifunsa za tchuthi. Livu yako yoyamba ukathera kuti?

Pa fayilo yako paja unalembapo boma lakwanu, T/A ndi mudzi, iwe ukuona ngati anangofuna kudzadzitsa fomu eti. Ife nthawi yathu, ngakhale titasamuka ku Zomba kubwera ku Lilongwe cha m'ma 1975 kukadali fumbi lokhalokha, livu inali yakumudzi basi, palibe zokambirana. Munthu wamkulu ndithu, Under Secretary woti ku ofesi akangotsokomola tonse tili chilili, umamupeza pa depoti akukweza katoni ya sopo, shuga, mchere ndi nsalu ya amayi ake pa basi ya kampani ija ya United Transport Malawi (UTM). Akafika usiku amagona, mmawa jekete wasiya pa msomali, ulendo kwa amfumu kukalonjera, ndipo sakhala pampando ayi, pansi, manja akuwomba ngati wina aliyense. Akachoka apo ndiye ntchito yeniyeni yayamba, kuzungulira makomo onse amene kunagwa zovuta iye ali kutauni, kukapepesa maliro. Khomo ndi khomo, azakhali ali patsogolo kumuuza kuti apa anatisiya ndi uje, apa kamwana kaja ka chikuku. Umafika, kukhala pakhonde, kaye zii pang'ono, kenako nkunena kuti tinamva koma ntchito za eni, pepani. Kandalama umapereka mobisa kudzera kwa wamkulu wa pakhomopo osati kuonetsa gulu. Amakuphikira nsima ya nkhwani wotendera umadya, ngakhale wadya kale makomo ena, kukana kunali kutukwana. Dzuwa limalowa miyendo ikuwawa, mawa lake kuyambiranso tsidya lina la dambo. Mayi anga ankati ukapanda kutero maliro aja kwa iwe sanathe.

Leave grant ija mumalandira nkugulira ma bundle, ife timaidziwa kuti ndi ya thiransipoti yopitira kwanu.

Pano mwana akamva za maliro amangolemba RIP pa gulupu ya WhatsApp ya banja, kutumiza ka Airtel Money, watha. Sindikuti ndalamayo ndiyoipa, bokosi limafuna ndalama, koma anamfedwa sakumbuka meseji, amakumbuka amene anakhala nawo pamphasa. Nde livu ikakwana mukuti ndili ndi workshop ku Salima, ina ku Mponela, chaka chatha, china chatha, ana anu osadziwa ngakhale dzina la agogo awo aakazi.

Ukakwanitsa zaka 60 boma limakuthokoza bwinobwino, makiyi a ofesi, a galimoto, ngati unali m'nyumba ya boma ku Area 10 nayonso makiyi ake ubweze, dalaivala uja mawa lake akutsegulira chitseko munthu wina. Bwana wina amene ndinagwira naye, dzina ndisunge, lole inakamutula kwawo ndi masofa ndi mafiriji koma nyumba analibe, gratuity isanatuluke, katundu anakhala pansi pa mtengo wa mango atafunditsidwa lona mvula ili pafupi. Anthu sanamuchitire nkhanza ayi, amangomupatsa moni wa mlendo, poti kwa zaka zonse zija sanapondeko pa maliro a munthu. Paja amati kwanu nkwanu mthengo mudalaka njoka, koma kwanuko nako kumafuna kukuona nkhope.

Usade nkhawa, mutu uli nawo, u PS ukhoza kuupeza ndithu ndipo galimotoyo udzandikwezeko ndisanafe. Chaka chino ukatenga livu ubwere kuno, ugule mchere ndi shuga, makomo oti tikapepese achuluka kuyambira kwa azakhali ako kumtunda kuja. Ndipo tizinthu ta m'makutu tija ukatisiye ku Lilongwe, sungalonjere amfumu waya ali lendee.