Mafunso a Owerenga: Ma enchilada a tchizi ndi vinyo wowayenera

FUNSO: Mlamu wanga sadya nyama, choncho atabwera kudzacheza ndinamuphikira ma enchilada a tchizi monga ndinawadyera ndili kunja. Zikondamoyo zake zinkang'ambika pozikulunga, ndipo vinyo wofiira wa Cabernet Sauvignon amene ndinagula anachititsa kuti tsabola atiwotche m'kamwa mpaka misozi. Kodi ndinalakwitsa pati? Ndine mayi wa ku Lilongwe.

YANKHO: Zikomo mayi polemba. Chakudyachi, chomwe ndi zikondamoyo zopyapyala zokulungiramo zinthu monga tchizi n'kuthira msuzi, ndi cha ku Mexico, ndipo dzina lake likuchokera ku mawu a Chisipanishi akuti enchilar, kutanthauza kuthira tsabola. Choncho mwini mbale ndi msuzi wa tsabola, osati tchizi.

Tiyambe ndi zikondamoyo zopyapyala zija, zomwe eni ake amati tortilla. Anthu a ku Mexico amayamba aphika chimanga m'madzi a laimu wodyedwa kapena a phulusa, madzi ofananako ndi chidulo chathu, kenako n'kuchipera. Zimenezi ndizo zimachititsa kuti phala lake ligwirane, n'chifukwa chake ufa woyera kapena mgaiwa sungakupatseni tortilla wabwino. Ngati ufa wa masa harina, womwe ndi wa chimanga chophikidwa motere, simunaupeze, gwiritsani ntchito tortilla wa tirigu kapena chapati chopyapyala. Musanakulunge, viikani aliyense m'mafuta otentha pachiwaya kwa masekondi 10 mbali iliyonse. Mudzaona akutupa timatuza ting'onoting'ono n'kufewa ngati nsalu, ndipo akatero sathyokanso.

Msuzi weniweni amaupanga ndi tsabola wouma wa ancho ndi guajillo, yemwe ndi wonunkhira kwambiri koma wosawawa kwenikweni. Ndikukayikira kuti munathira kambuzi wambiri, pamene mmodzi yekha, wochotsa njere, akwanira mphika wonse. Kazingani anyezi ndi adyo, onjezani tsabola uja, matimati, paprika ndi cumin (chitowe) pang'ono, ndipo ziwire kwa mphindi 15 mpaka msuziwo uzimatirira pasupuni. Viikani tortilla mumsuzimo, ikani tchizi wa cheddar ndi nyemba zophika, kulungani, ndandalikani m'mbale mbali yolumikiza ili pansi, thirani msuzi wotsala ndi tchizi pamwamba, n'kuika mu uvuni wa madigiri 180 kwa mphindi 20.

Popeza mlamu wanuyo sadya nyama, werengani bwino zolembedwa papaketi ya tchizi, chifukwa tchizi wina amaumitsidwa ndi rennet wochokera m'chifu cha ng'ombe yaing'ono. Sankhani wolembedwa kuti ndi woyenera anthu osadya nyama.

Tsopano za vinyo, pomwe ndikuona kuti panagona vuto lalikulu. Cabernet Sauvignon ali ndi mphamvu yochuluka ya mowa, kawirikawiri kufika 14 peresenti, komanso ali ndi khambi lija limaumitsa lilime ngati nthochi yosapsa. Ziwirizi zikakumana ndi tsabola zimakolezera moto m'malo mouzimitsa. Chofunika ndi vinyo wopepuka, wozizira, wokhala ndi kawawasa kotsuka mafuta a tchizi m'kamwa, ndiponso katsekemera pang'ono kofewetsa ukali wa tsabola.

Ine ndikadakhala inu ndikadatenga Chenin Blanc wa ku South Africa, dziko lomwe limalima mphesa za mtunduwu kuposa lina lililonse, ndipo savuta kumupeza m'masitolo akuluakulu. Riesling wotsekemera pang'ono amachitanso bwino msuzi ukakhala waukali, ndipo rosé (vinyo wa pinki) wosatsekemera amayenderana ndi matimati. Ngati mtima wanu uli pa wofiira basi, sankhani Grenache wopepuka kapena Pinot Noir, ndipo muikeni mufiriji kwa mphindi 30 musanatsegule. Funsaninso za vinyoyo, pakuti ena amamuyeretsa ndi gelatin (wochokera ku mafupa ndi zikopa za nyama) kapena zochokera ku nsomba.

Patebulo ikanipo mapeyala oduladula ndi chambiko pang'ono, kuti amene tsabola wamuposa mphamvu apeze poziziritsira lilime.