Nkhani zanga za Mzuzu wa mawa ndizitumize kuti?

FUNSO: Akonzi, ndine mtsikana wa zaka 22 wa ku Chibavi muno mu Mzuzu. Ndimalemba nkhani m'makope, zambiri za zinthu zimene sizinachitikepo. Ina ndi ya Mzuzu wa zaka 100 zikubwerazi, damu la Lunyangwa litaphwa, madzi akugulitsidwa ndi makina olankhula. Amayi atawerenga anati ndisiye, ati nzaufiti. Kodi alipo amene amasindikiza zotere? Ndilinso ndi ndakatulo.

YANKHO: Alipo, mchemwali wanga, ndipo kalata yanu ndaiwerenga kawiri chifukwa cha chimwemwe.

Tiyambe ndi amayi. Musakangane nawo. Afunseni nthano imene agogo awo ankasimba pamoto, ya mwana womezedwa ndi dzungu kapena ya mbalame yoimba dzina la wakupha. Akamaliza, auzeni kuti zanuzo ndi nthano zomwezo, kungoti m'malo mwa "padangokhala" inu mukuyang'ana kumene tikupita. Ndikhulupirira adzakumvetsani.

Pa intaneti pali magazini amene ntchito yawo ndi yomweyi. Strange Horizons inayamba mu 2000. Imatulutsa nkhani, ndakatulo ndi ndemanga za mabuku, ndipo kuwerenga nkwaulere. Ya kwathu kuno ku Africa ndi Omenana, imene Mazi Nwonwu ndi Chinelo Onwualu anayambitsa ku Nigeria mu 2014. Kuyambira 2017 kulinso mphotho za Nommo za olemba a mu Africa a nkhani zamtunduwu. Ngakhale kuno kwathu njira inalambulidwa kale: Shadreck Chikoti analemba Azotus the Kingdom, buku la nkhani ya m'tsogolo.

Simunanene chiyankhulo chimene mumalembera. Ngati ndi Chichewa kapena Chitumbuka, musachitaye. Strange Horizons ili ndi magazini inzake, Samovar, yosindikiza nkhani zomasuliridwa, ndipo imaika nkhani m'chiyankhulo chake pamodzi ndi Chingerezi. Ine ndimalakalaka tsiku limene ndidzatsegula foni n'kupeza Chichewa pamenepo.

Tsono chimene ndikufuna muchigwire ndi ichi. Akonzi a magaziniwa awerenga nkhani zambirimbiri za mizinda yopanda madzi. Sanawerenge ya Chibavi. Mphamvu yanu ili pamenepo. Ine ndimakhala ku Katoto, ndipo m'mawa wa mu Julaye ndikatuluka, nkhungu imakhala itaphimba mapiri a Kaning'ina, kamvula kowaza kakunyowetsa juzi pang'onopang'ono, anyamata a kabaza atabisa zala m'manja mwa majekete. Ndiuzeni, mu Mzuzu wanu wa mawayo nkhunguyo ilipobe? Ngati inatha, ndani akuikumbuka? Mayi amene wapita ku makina aja ndi chigubu chachikasu, makinawo akumupatsa moni m'Chitumbuka kapena m'Chichewa? Akapereweza ndalama, akumukongoza monga achitira wa pa okala? Mafunso otere ndi amene amadzutsa nkhani. Makina paokha sagwira mtima wa munthu.

Musanatumize, gulani bandulo muwerenge nkhani zosachepera khumi za magazini imene mwasankha, kuti mumve kukoma kumene iwo amafuna. Kenako werengani malamulo awo otumizira. Amanena kutalika kwa nkhani, ndiponso nthawi imene akulandira, chifukwa khomo silikhala lotsegula chaka chonse. Ambiri safuna nkhani imene inaonekera kale pagulu, choncho musathamangire kuiika pa Facebook. Wina akakuuzani kuti mulipire kuti akusindikizeni, thawani. Magazini ngati Strange Horizons ndiwo amalipira wolemba.

Adzakukanani, mwina kangapo. Nkhani yanga yoyamba inabwerera ndi mizere iwiri yokha, ndipo ndinaiika m'sutikesi kwa zaka zitatu. Ndimadandaula nazo zaka zimenezo mpaka lero. Inu ikabwerera, ikonzeni sabata yomweyo muitumize kwina.

Ndakatulozo sankhanipo zitatu zimene mumazikonda kwambiri, muziwerenge mokweza pamaso pa mnzanu musanazitayipe. Ndipo nkhani ya Lunyangwa ija mukaitayipa, nditumizireni kuno ndiione.