Mafunso Anu: Kodi iddir ya ku Ethiopia ingatheke ku Chiputula?

FUNSO: Kuno ku Chiputula maliro akagwa timayenda ndi mbale khomo ndi khomo, koma chipepeso sichikwana ngakhale bokosi. Ndamva kuti anzathu a ku Ethiopia ali ndi njira yawo. Imayenda bwanji? Mayi wa ku Chiputula, Mzuzu

YANKHO: Mayi, gulu limenelo amalitcha iddir. Linazika mizu ku Addis Ababa pakati pa anthu ochokera kumidzi omwe analibe abale pafupi, monga alili ambiri muno mu Mzuzu. Kusiyana kwake ndi mbale yathu n'kwakuti iwo amasonkha zovuta zisanagwe.

Banja lililonse limapereka ndalama yofanana mwezi ndi mwezi. Pamakhala wapampando, mlembi ndi msungichuma, onse ogwira ntchito mongodzipereka, komanso malamulo olembedwa onena kuti akamwalira mwini nyumba, mkazi wake kapena mwana, gulu lipereka zingati. Ndalama zina amagulira tenti, mabenchi, mapoto akuluakulu ndi mbale, zomwe zimakhala za gulu. Uthenga wa maliro amaulengeza ndi lipenga. Abambo amakumba manda n'kuimika tenti, amayi amaphika, ndipo kwa masiku atatu anamfedwa sasiyidwa okha. Wojomba popanda chifukwa amalipa chindapusa, ndipo apa m'pamene pagona mphamvu ya iddir: ndalama yokha sikumba manda.

Mukafuna kuyesa, yambani ndi masamu. Mabanja 60 osonkha K2,000 pamwezi apeza K120,000. Funsani mtengo wa bokosi ndi wa galimoto, poti ambiri kuno maliro amapita nawo kumudzi, ku Rumphi, ku Karonga kapena ku Mzimba, ndipo mayendedwe ndiwo amadya thumba. Musalonjeze zoposa zimene mungakwanitse maliro awiri atagwa mwezi umodzi. Ndalama zikhale kubanki, osainira atatu, ndipo mlembi aziwerenga kaundula pamaso pa onse.

Zimene zimagwetsa magulu otere n'zodziwika. Mliri wa Edzi utakula ku Ethiopia, imfa zinachuluka moti matumba a iddir ambiri anaphwa, ndipo ena anasintha malamulo n'kuyamba kuthandiza odwala ndi ana amasiye. China ndi kukwera mitengo kwa zinthu: chopereka chikakhala chomwecho zaka zitatu, sichigulanso kanthu. Chachitatu ndi mawu akuti "wachibale". Mukapanda kulemba mayina a anthu a m'banja lililonse pa tsiku lolowa, mudzakangana pa siwa za msuweni wa kumudzi.

FUNSO: Nanga kudzipereka kwawoko kumathera pa maliro? Mphunzitsi wa ku Luwinga

YANKHO: Ayi, aphunzitsi. Kumidzi ali ndi debo, yomwe ndi dima lathu lomwe lija: kulima, kukolola kapena kumanga nyumba pamodzi, mwini ntchito n'kukonza chakudya ndi chakumwa. Equb ndi chipereganyu. M'nyengo yawo ya mvula, kuyambira Juni mpaka Seputembala, sukulu zitatsekera, achinyamata amakonza nyumba za okalamba, kupereka magazi ndi kubzala mitengo. Pa 29 Julaye 2019 boma lawo linalengeza kuti anthu abzala mitengo yoposa 350 miliyoni tsiku limodzi. Chiwerengerocho ena anachikayikira. Ngati mukufuna kutero ndi ana asukulu, bzalani mvula itakhazikika, ndipo kalasi iliyonse ipatsidwe mzere wake woti izipalira ndi kuthirira m'chilimwe.